Timithenga ta m'magazi ndi khansa ya khomo la chiberekero: timalosera chiyani, timasochera pati?

Msuweni wanga wa ku Khombedza wakhala gadiyani kwa miyezi iwiri tsopano. Mayi ake, amene ndi azakhali anga, anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero kuno ku Salima, ndipo anawatumiza ku Lilongwe. Usiku wina ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp, akunong'ona kuti odwala asamve.

"Asuweni, pagulu lathu la amayi wina waponya nkhani yoti kunja akuyeza magazi n'kudziwiratu ngati khansa imupha munthu msanga kapena achira. Akuti amayeza chitetezo. Ndiye si CD4 yomwe ija? Nanga amayi bwanji sanawayeze zimenezo?"

Nkhani anaionayo si yopeka. Ndi nkhani ya akatswiri ofufuza, imene pofika pa mafoni athu inali itaduka mutu ndi mchira. Zinthu akuyezazo, timithenga timene maselo a chitetezo amatumizirana, zilimodi m'magazi a aliyense, si CD4, ndipo zimanenadi kanthu za mmene matenda angayendere. Koma palibe ndondomeko ya chipatala, kuno kapena ku Ulaya, imene imauza dokotala kuti ayambe waziyeza asanasankhe chithandizo cha khansa ya khomo la chiberekero. Chifukwa chake n'chimene chikufunika kumasulidwa, makamaka kwa ife a m'mbali mwa nyanja, poti matupi athu ali ndi zina zimene zimasokoneza muyesowu.

Funsoli si la banja lathu lokha. Chiwerengero cha 2020 cha nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO chidaonetsa kuti m'Malawi amayi oposa 4,000 amapezeka ndi khansa imeneyi chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira nayo. Ndi mayiko ochepa kwambiri padziko amene vutoli lidakula chonchi. Magadiyani ofunsa kuti "kodi achira?" alipo ambiri.

## Kuwerenga asilikali n'kwina, kumva zimene akuuzana n'kwina

Ambirife tidaphunzira za chitetezo cha m'thupi kudzera m'nkhani ya HIV. Tidauzidwa kuti m'magazi muli asilikali, kuti CD4 ndi mtundu umodzi wa asilikaliwo, ndipo akatsika kufika pansi pa 200 ndiye kuti matenda afika patali. Kuyeza CD4 ndi kuwerenga mitu. Koma asilikali amauzananso zochita: uyu apite kuti, ndani amenye, nkhondo ileke liti. Alibe pakamwa, choncho amatumizirana timapuloteni ting'onoting'ono. Selo lina limatulutsa, lina limalandira n'kusintha zochita zake. Madokotala amatitchula kuti ma cytokine. Ife pano tizingoti timithenga.

Amene adaonerapo asodzi a usipa ku Senga Bay usiku wamdima akudziwa ntchito ya siginala. Amakhala m'bwato lake ndi nyali, sakoka nawo chilimira, koma akangokuwa mawu amodzi, anyamata onse amadziwa kuti nthawi yoponya kapena yokoka yakwana. Mukaima pagombe simungawerenge nsomba, koma mukamvetsera kukuwa kwa pamadzi mutha kudziwa ngati usikuwo zikuyenda. Kuyeza timithenga kuli ngati kumvetsera koteroko.

Kamthenga koyamba kadapezeka mu 1957 ku London, pamene Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann adaona kuti selo logwidwa ndi kachirombo limatulutsa chinthu chochenjeza maselo oyandikana nalo. Adachitcha interferon. Mu 1975 ofufuza a ku New York adafotokoza kena, TNF, kamene kankafoola zotupa mu mbewa. Timithenga titachuluka, mu 1979 akatswiri adagwirizana zoti gulu lalikulu la ito lizitchedwa interleukin, mwachidule IL, n'kumapatsidwa manambala. N'chifukwa chake mumva za IL-6, IL-8, IL-10. Lero ma interleukin odziwika aposa 30.

Aliyense wa ife adamvapo mphamvu yake. Kunjenjemera kuja, kuphwanya kwa thupi ndi kutentha kwa malungo, mbali yaikulu si tizirombo tokha timene timachita zimenezo. Ndi IL-1, IL-6 ndi TNF, timene timafika ku ubongo n'kuuuza kuti ukweze kutentha kwa thupi. Nthawi ya Covid-19, odwala ena ovutikitsitsa ankawonongeka mapapo chifukwa timithenga tomweti tidasefukira osalekeza.

Tingatigawe mwachisawawa pawiri. Tina ndi ta mfuwu, timene timaitana anthu kuti kwagwa wakuba: TNF, IL-1, IL-6, IL-8, interferon. Tina ndi toleretsa, timene timati basi ndewu yakwana: IL-10 ndi TGF-beta. Thupi limafuna mbali zonse ziwiri, poti ndewu yopanda woleretsa imagwetsa ndi nyumba yomwe.

## Wakuba wolowa osauwidwa ndi galu

Pafupifupi khansa iliyonse ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachirombo ka HPV, kamene kamafala pogonana. Katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, adalandira mphoto ya Nobel mu 2008 chifukwa chotulukira zimenezi. Mitundu ya HPV ilipo yambiri, koma iwiri, ya nambala 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa pafupifupi khansa 7 mwa 10 zilizonse.

Anthu ambiri amene adagonanapo amatenga HPV nthawi ina m'moyo wawo, ndipo pa 10 aliwonse, pafupifupi 9 thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri. Vuto limakhala pa otsalawo. HPV sikalowa m'magazi, sikaphulitsa selo, kamangokhala phee m'khungu la pakhomo la chiberekero. Kuwonjezera apo, kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7. Ntchito yawo yodziwika kwambiri ndi kuthyola mabuleki a selo, aja amatchedwa p53 ndi Rb, kuti lizingogawikana osaima. Koma mapuloteni omwewa amatsekanso pakamwa pa selo kuti lisatulutse interferon mokwanira. Mfuwu ukapanda kumveka, asilikali sabwera. Kachirombo kamakhala zaka, ndipo WHO imati kwa mayi wa chitetezo chabwino pamatha zaka 15 mpaka 20 kuti khansa ibadwe, pamene kwa mayi wa chitetezo chofooka, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zaka 5 mpaka 10 zimakwana.

## Chilonda chosapola

Apa mpamene nkhani imatembenuka. Poyamba kachirombo kamafuna bata. Koma chotupa chikakhazikika, chimayamba kuchita phokoso chokha, ndipo phokosolo limachipindulira.

Ganizirani zimene zimachitika mukadzitema ndi khasu. Pabalapo pamatupa, pamafiira, asilikali amathamangirapo kudzachotsa litsiro. Kenako thupi limatumiza amisiri: mitsempha yatsopano ya magazi imamera, maselo amagawikana kuti adzaze dzenje, ndipo oleretsa amauza asilikali kuti abwerere. Bala likapola, zonse zimaima. Mu 1863 dokotala wa ku Berlin, Rudolf Virchow, adaona kale kuti m'zotupa za khansa mumakhala asilikali ambiri a m'magazi. Mu 1986 Harold Dvorak wa ku Boston adayerekeza chotupa ndi chilonda chimene sichipola. Chotupa chimatumiza uthenga wa "ndavulala, ndikonzeni" tsiku ndi tsiku, ndipo thupi limamvera.

Kamthenga kamene kafufuzidwa kwambiri pankhaniyi ndi IL-6, kamene gulu la Tadamitsu Kishimoto ku Osaka, m'dziko la Japan, lidakadziwa bwino mu 1986. M'chotupa cha pakhomo la chiberekero, IL-6 imatuluka m'maselo a khansa enieniwo komanso m'maselo owazungulira. Ikafika pa selo la khansa imayatsa switchi ya mkati yotchedwa STAT3, ndipo switchi imeneyi imauza selo kuti lisafe ngakhale litawonongeka. Apa pali chinthu chofunika: mankhwala a kemo ndi cheza chowotchera khansa zimagwira ntchito powononga selo mpaka lidziphe lokha. Selo limene lauzidwa kuti lisafe limalimbalimba.

IL-6 sithera m'chotupa. Imayenda ndi magazi kufika kuchiwindi, ndipo chiwindi chimatulutsa puloteni yotchedwa CRP, imene ma labu ambiri amatha kuyeza. Chiwindi chomwecho, pouzidwa ndi IL-6, chimatulutsanso hepcidin, chinthu chimene chimatsekera ayironi m'nkhokwe kuti asagwiritsidwe ntchito popanga magazi. Ndiye mayi amene akutaya kale magazi kumunsi amachepekedwanso magazi kuchokera mkati, ndipo nthawi zina mapilitsi a ayironi sathandiza monga timayembekezera. IL-6 ndi TNF zimachotsanso chilakolako cha chakudya ndi kusungunula mnofu. Kuwonda kuja kumene timakuona mwa odwala khansa, kumene achibale amadzudzulana nako kuti gadiyani sakuwadyetsa, kawirikawiri gwero lake ndi limeneli. Ndaonapo apongozi ndi mkamwini atasiya kulankhulana chifukwa cha nkhani yotereyi, pamene phala linkaphikidwa m'mawa uliwonse.

Chotupa chimafunanso chakudya. Chikakula kupitirira kanjere kakang'ono, magazi a pafupi sachikwanira. Apa chimatulutsa VEGF, kamthenga kouza mitsempha ya magazi kuti imere kulowera kumene chili. Alimi a mpunga ku Lifuwu akudziwa za mnansi amene amakumba kangalande usiku kupatutsira madzi kumunda kwake. VEGF ndi khasu la ntchito imeneyo, ndipo IL-6, IL-8 ndi mapuloteni a HPV aja zonse zimathandiza kuti ichuluke. Mitsempha yomera mothamanga chonchi imakhala yosalimba. N'chifukwa chake chizindikiro chodziwika cha khansa imeneyi ndi kutuluka magazi mukakhala malo amodzi ndi abambo, kapena kuyambanso kutaya magazi munthu atasiya kale kusamba.

Nanga asilikali ali kuti? Amabwera ndithu, koma chotupa chimawalandira ndi oleretsa. IL-10 ndi TGF-beta zimafooketsa asilikali amene akadapha maselo a khansa, ndipo ena, makamaka aja akuluakulu omeza zinyalala, amasanduka aganyu a chotupacho: amathandiza kukumba ngalande ndi kutsegula njira yoti khansa ifalikire. TGF-beta ndi yodabwitsa mwapadera. Matenda ali koyambirira imaletsa maselo kugawikana, kumene kuli kuthandiza mayi. Matenda akakula, maselo a khansa amaleka kuimvera, koma asilikali amapitiriza kuimvera. Kamthenga kamodzimodzi, kabwenzi lero, kamdani mawa.

## Kulosera si kupeza matenda

Muyeso wa kuchipatala umatha kuyankha mafunso osiyana, ndipo chisokonezo chambiri chimachokera posakaniza mafunsowo.

Pali muyeso wofuna kudziwa ngati matenda alipo. Kupaka viniga pakhomo la chiberekero n'kuunika, kumene kumachitika m'zipatala zathu, kuyeza HPV, ndi kudula kanyama kukakayeza ku labu, zonsezi zili m'gulu limeneli. Timithenga sitingachite ntchito imeneyi, poti timakwera pa matenda ambirimbiri.

Pali muyeso wolosera. Matenda apezeka kale, funso ndi lakuti ayenda mwaukali kapena mofatsa, abwereranso pambuyo pa chithandizo kapena ayi. Apa mpamene ofufuza akuyesera timithenga. Ndiye pali muyeso wachitatu, wosankhira mankhwala: mayi uyu mankhwala akutiwa amugwira kapena angomuvutitsa chabe?

Msodzi wachikulire akayang'ana kummwera m'mwezi wa Juni n'kunena kuti lero mwera uwomba, akulosera. Sakunena kuti bwato la uje ligubuduka. Akunena kuti pa tsiku lotere, mabwato ambiri amavutika kuposa masiku ena. Ena adzapita n'kubwerako bwinobwino, ndipo tsiku labata nalonso munthu amatha kumira. Kulosera kwa madokotala n'kotero. Kumanena za gulu la amayi 100 ofanana, osati za azakhali anga paokha.

## Zimene ofufuza apeza

Kafukufuku wa mtunduwu amayenda motere. Amatenga magazi, kapena kanyama ka chotupa, kwa amayi asanayambe chithandizo. Amayeza timithenga, n'kugawa amayiwo pawiri, okwera ndi otsika. Kenako amawatsatira zaka zitatu kapena zisanu kuti aone gulu limene khansa yabwerera kwambiri ndi limene ambiri amwalira.

Pa IL-6, akafukufuku ambiri a m'mayiko osiyanasiyana aloza kumodzi: amayi amene IL-6 ili yokwera, m'magazi kapena m'chotupa, amakonda kukhala ndi zotupa zazikulu, matenda ofalikira, ndi moyo wofupikirapo. VEGF yochuluka m'chotupa nayonso yakhala ikuyendera limodzi ndi zotsatira zoipa. Madokotala a ku Japan adaonanso kagulu ka amayi amene chotupa chawo chimatulutsa G-CSF, kamthenga kouza mafuta a m'mafupa kuti apange asilikali ambiri. Magazi awo amaonetsa asilikali osefukira popanda matenda ena aliwonse, ndipo khansa yawo imakhala yaukali ndi yosamva cheza. Munthu wosadziwa akhoza kusangalala kuti chitetezo chakwera, chikhalirecho ndi aganyu aja. Kumbali ina, chotupa chimene mwalowa asilikali ambiri akupha, a mtundu wa CD8, poyerekeza ndi oleretsa, chimakonda kugonja bwino.

Pa IL-8, IL-10, IL-17 ndi TGF-beta, zotsatira n'zosakanikirana. Ena apeza mgwirizano, ena sanapeze, ndipo nthawi zina yankho limasintha kutengera kuti ayeza m'magazi, m'chotupa kapena m'chikazi.

Okhulupirira njirayi amati chala chimodzi sichiswa nsabwe: kamthenga kamodzi n'kosakwanira, koma kuyeza khumi kapena makumi awiri pamodzi, monga makina amakono amachitira, kungapereke chithunzi chodalirika, ndipo kutenga magazi n'kosavuta kuyerekeza ndi sikani yodula. Okayikira amafunsa funso limodzi lovuta. Chotupa chachikulu chimatulutsa IL-6 yambiri chifukwa ndi chachikulu. Ndiye IL-6 ikakwera, ikutiuza chatsopano, kapena ikungobwereza zimene dokotala waona kale poyeza ndi manja? Kuti ayankhe, ofufuza amayerekeza amayi a siteji imodzi (amene khansa yawo yafika pofanana), msinkhu wofanana ndi chithandizo chofanana. Akatero, mwa akafukufuku ena IL-6 imakhalabe ndi mawu, mwa ena mphamvu yake imazilala. Amawonjezeranso kuti ambiri mwa akafukufukuwa ndi a chipatala chimodzi, odwala makumi angapo kapena mazana ochepa, ndipo kafukufuku amene sanapeze kanthu kawirikawiri sasindikizidwa.

## Pamene mudzi wonse ukukuwa

Akafukufuku ambiriwa adachitikira ku Asia, ku Ulaya ndi ku America. Mayi wa ku Osaka akapezeka ndi IL-6 yokwera, n'zomveka kuloza chala chotupa. Tiyeni tibwere ku Chipoka kapena ku Dwangwa.

Kuno malungo satha chaka chonse, ndipo akuluakulu ambiri amayenda ndi tizirombo m'magazi osamva kudwala. Malungo amakweza IL-6, TNF ndi IL-10, timithenga tomwe tija ofufuza akuyang'ana.

Kenako pali likodzo. Mayi amene amachapa, kutsuka mbale ndi kusamba m'nyanja kuyambira ali mwana amakumana ndi tizirombo tochokera mu nkhono za m'madzi. Ambiri timadziwa likodzo la kukodza magazi, koma mazira a nyongolotsi zomwezo amakakhalanso m'njira yoberekera ndi pakhomo la chiberekero penipenipo. Amayambitsa timabala, kutuluka magazi ndi chikazi chachilendo, mpaka nthawi zina woyeza amatha kuganiza kuti ndi khansa. Thupi limazinga dzira lililonse ndi asilikali, ndipo timithenga monga IL-4, IL-5, IL-13 ndi IL-10 timasintha. Ndiye ngakhale mutayeza pakhomo la chiberekero pomwepo m'malo mwa m'magazi, phokoso la likodzo limalowererabe.

HIV ndiye nkhani yaikulu. WHO imati mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chodwala khansa imeneyi kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe, choncho ambiri mwa odwala athu ali ndi matenda onse awiri. HIV payokha imasiya thupi lili chikuwire chapansipansi ngakhale munthu akumwa ma ARV mokhulupirika. Kafukufuku wamkulu wa anthu a HIV, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2008, adaonetsa kuti IL-6 yokwera imalosera imfa ngakhale mwa anthu opanda khansa. Ku Botswana, kafukufuku wosindikizidwa mu 2016 adapeza kuti amayi a khansa ya khomo la chiberekero amene analinso ndi HIV anali pa chiopsezo chomwalira pafupifupi kawiri kuposa anzawo, ngakhale ambiri anali pa mankhwala. Onjezani TB, matenda opatsirana pogonana, ndi chotupa chomwecho chikayamba kuola n'kulowa mabakiteriya.

Mayi wa kunyanja akapezeka ndi IL-6 yokwera, akukuwa ndani? Chikhoza kukhala chotupa, akhoza kukhala malungo a sabata yatha. Mzere wolekanitsa "yokwera" ndi "yotsika" umene udajambulidwa ku China sungangosamutsidwa kubwera nawo ku Salima. Ungafunike kuyesedwanso pa amayi a kuno, likodzo, malungo ndi HIV zikuwerengeredwa.

## Mchere m'zigubu 500

Vuto lina ndi la muyeso weniweniwo. Timithenga timakhala tochepa kwambiri m'magazi. Gawani galamu imodzi ka 1,000,000, mutenge kagawo kamodzi mukagawenso ka 1,000,000. Kotsalako ndi pikogalamu, ndipo munthu wabwinobwino amakhala ndi ma pikogalamu ochepa chabe a IL-6 m'mililita imodzi ya magazi. Zili ngati kusungunula kanjere kamodzi ka mchere wosalala m'zigubu 500 za malita 20, kenako n'kumuuza munthu kuti alawe.

Makina amatha kulawa zimenezo, koma amafuna chisamaliro. Magazi akachedwa kupatulidwa, asilikali a m'botolomo amapitiriza kutulutsa timithenga, makamaka IL-8, ndipo nambala imakwera yokha. Osungira kafukufuku amafunika firiji yozizira mpaka madigiri 80 pansi pa ziro, magetsi osathima. Zida zoyezera za makampani awiri zimatha kupereka manambala osiyana pa magazi amodzimodzi. Ndipo IL-6 imakwera ndi kutsika pa tsiku, imasinthanso munthu akagwira ntchito yolemetsa, akanenepa kapena akakalamba. CD4 idafika m'zipatala za kumudzi chifukwa dziko lonse lidagwirizana kuti 200 ndi 200 kulikonse. Pa IL-6 ya khansa ya khomo la chiberekero mgwirizano wotero kulibe.

## Zimene dokotala amayang'ana lero

Cholosera champhamvu kuposa zonse ndi siteji, kutanthauza pamene khansa yafika. Bungwe la madokotala a za amayi padziko lonse, FIGO, lidakonzanso ndondomeko yake mu 2018. Siteji 1, khansa ili pakhomo la chiberekero pokha. Siteji 2, yatulukira m'mbali koma sinafike kukhoma la chiuno. Siteji 3, yafika kukhomako, kapena kumunsi kwa njira yoberekera, kapena yatseka timipaipi totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, kapena yalowa mu tizigawo tija timatupa tikakhala ndi chilonda, timati mwanabele, ta mkati mwa chiuno ndi m'mimba. Siteji 4, yalowa m'chikhodzodzo kapena m'matumbo, kapena yapita kutali monga kumapapo. Ku America, kumene amasunga bwino ziwerengero, pa amayi 10 opezeka khansa isanatuluke pakhomo la chiberekero, pafupifupi 9 amakhala ali moyo patatha zaka zisanu. Pa opezeka itafalikira kutali, ndi pafupifupi awiri. Palibe kamthenga kamene kasonyezapo kusiyana kwakukulu chonchi.

Pambali pa siteji amayang'ana kukula kwa chotupa, mtundu wa maselo ake, mmene impso zikugwirira ntchito, kuchuluka kwa magazi, za HIV, ndi ngati wodwala angamalize chithandizo pa nthawi yake.

Chosangalatsa n'chakuti mapazi a timithenga amaoneka kale m'mapepala wamba a ku labu. Magazi ochepa, CRP yokwera, timaselo toundanitsa magazi tochuluka, zonsezi mbali ina ndi ntchito ya IL-6. Pa pepala la full blood count, limene chipatala cha boma lililonse chimatha kutulutsa makina ndi mankhwala ake zikakhalapo, pali mitundu iwiri ya asilikali, ma neutrophil ndi ma lymphocyte. Akafukufuku ambiri apeza kuti oyambawo akachuluka kwambiri poyerekeza ndi achiwiriwo, zotsatira za khansa imeneyi zimakonda kuipa. Muyeso umenewu ndi wotsika mtengo, koma nawonso umasokonezeka ndi matenda ena alionse, ndipo sunalowe m'ndondomeko yosankhira chithandizo.

Kumene sayansi ya timithenga yabala zipatso zogwirika ndi ku mankhwala. Bevacizumab ndi mankhwala amene amagwira VEGF, kulanda khasu lija. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2014 adaonetsa kuti kwa amayi a khansa yofalikira kapena yobwerera, kuwaphatikiza ndi kemo kudatalikitsa moyo wa wodwala wapakatikati kuchoka pa miyezi 13 kufika pafupifupi 17. Chodabwitsa n'chakuti amaperekedwa osayeza VEGF, poti nambala yake sinathe kusonyeza amene angapindule. Pembrolizumab, amene America idawavomereza pa khansa imeneyi mu 2018, amachotsa buleki pa asilikali. Chotupa chimakweza kambendera kotchedwa PD-L1 kouza msilikali kuti "ndine wanu, pitirirani", ndipo mankhwalawa amamutseka maso kuti asakaone. Apa muyeso ulipo ndithu, koma amayeza pa kanyama ka chotupa, osati m'magazi, ndipo ndi muyeso wosankhira mankhwala, osati wowerengera masiku. Mankhwala onse awiriwa ndi odula kwambiri. Otseka IL-6, monga tocilizumab amene adathandiza pa Covid-19, aliponso, koma si chithandizo chovomerezeka cha khansa ya khomo la chiberekero.

Msuweni uja ndinamufotokozera zonsezi mwachidule, kenako ndinamupempha kuti atsegule buku la kuchipatala la azakhali andiwerengere zimene zalembedwa pafupi ndi mawu akuti FIGO. Panapita kanthawi, ndikumva phokoso la mapepala.

"Palembedwa I awiri ndi B. Ine ndimayesa ndi nambala ya wodi."

Imeneyo ndi siteji 2B: khansa yalowa m'minofu ya m'mbali mwa khomo la chiberekero koma sinafike kukhoma la chiuno. Chithandizo chake chodziwika padziko lonse ndi cheza chophatikiza ndi kemo ya cisplatin ya sabata ndi sabata, cholinga chili kuchiza osati kungochepetsa ululu, ndipo madokotala amafuna kuti chonsecho chithe mkati mwa masabata asanu ndi atatu. Msuweniyo anati m'mawa adokotala akamazungulira awafunsa za impso, za kuchuluka kwa magazi, ndi tsiku loyambira.